Olankhula ndi Olemba: Za Ulemu mu African Association ya ku Dar es Salaam

Bungwe lililonse limene anthu amasonkhanamo kuti akambirane ndi kuzolowera kulankhula pagulu limayendera anthu a mitundu iwiri. Alipo amene amaimirira kutsogolo, khamu n'kuwaombera m'manja. Aliponso amene amalemba makalata oitanira anthu ku msonkhano, kutolera zopereka, kusunga kiyi wa holo ndi buku la zokambirana. Ikafika nthawi yopereka ulemu, kawirikawiri dzina lomveka limakhala la wolankhula uja. Mbiri ya African Association ya ku Dar es Salaam ikutionetsa mmene zimenezi zimachitikira, ndiponso mmene ulemu wochedwa umafikira eni ake atagona kale.

Bungweli lidabadwa m'chaka cha 1929, Tanganyika ali m'manja mwa Angerezi, amene adalanda dzikolo kwa Ajeremani pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Bwanamkubwa anali Donald Cameron. Azungu ndi Amwenye a mumzindawo anali kale ndi mabungwe owalankhulira, koma Aafirika analibe. Mbiri ya banja la Sykes imanena kuti mbewu ya ganizoli idafesedwa ndi James Aggrey wa ku Gold Coast, yemwe adafika ku Dar es Salaam mu 1924 pa ulendo wofufuza za maphunziro, ulendo womwewo umene udamufikitsanso ku Nyasaland. Pampando padakhala Cecil Matola, mphunzitsi wachiyao, ndipo mlembi anali Kleist Sykes. Mamembala anali akalaliki, aphunzitsi ndi amalonda, Asilamu ndi Akhristu pamodzi. Popeza ambiri anali antchito a boma, osaloledwa kuchita ndale, bungweli linkadzionetsa ngati losamala za umoyo wa mamembala ake. Komabe m'misonkhano yake ndimo anthu adazolowera kutsogolera zokambirana, kutsutsana mwaulemu, kuponya voti ndi kulembera boma madandaulo.

Kleist Sykes ndi munthu woyenera kumudziwa, makamaka kwa ife amene malire adatidula pakati. Adabadwira ku Pangani mu 1894. Bambo ake, Sykes Mbuwane, adachokera ku Mozambique, ali mmodzi mwa asilikali aganyu amene Mjeremani Hermann von Wissmann adawalemba kuti akathetse kuukira kwa anthu a m'mphepete mwa nyanja. Kleist adakula wamasiye m'nyumba ya Effendi Plantan, adamenya nawo nkhondo m'gulu la von Lettow-Vorbeck, ndipo pambuyo pake adagwira ntchito ya ukalaliki ku njanji asadayambe malonda akeake. Ntchito yake m'bungwe inali ya cholembera ndi kaundula. Mu 1933 adathandizanso kuyambitsa Al Jamiatul Islamiyya fi Tanganyika, bungwe la Asilamu limene lidamanga sukulu mumzindamo.

M'zaka zoyambirira za m'ma 1930 mamembala adadzimangira nyumba ya likulu lawo pa New Street, m'dera la Kariakoo. Mikangano sinkasowa. Erica Fiah, wamalonda wochokera ku Uganda, adasemphana ndi Kleist, nakayambitsa bungwe lakelake, ndipo mu 1937 adayamba kutulutsa nyuzipepala yotchedwa Kwetu. Zaka zina likulu linkachita ngati lagona tulo, mphamvu zili ku nthambi za m'matauni ena monga Dodoma. Komabe dzina, nyumba ndi mabuku zidakhalapobe. Mu 1948, litasiyana ndi nthambi ya ku Zanzibar, bungweli lidatchedwa Tanganyika African Association, mwachidule TAA. Kleist adamwalira chaka chotsatira, mu 1949, ufulu asadauone.

Mu 1950 achinyamata adatenga utsogoleri wa TAA. Dr Vedasto Kyaruzi adakhala pulezidenti, ndipo ulembi udapita kwa Abdulwahid Sykes, mwana wa Kleist, yemwe adali atamenya nkhondo yachiwiri ku Burma ndi kutumikirako bungwe la antchito a padoko. Pambuyo pake iyeyo adakhala pulezidenti. Koma akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mu 1952 kudafika mphunzitsi wochokera ku Butiama, Julius Nyerere, atamaliza maphunziro ake ku Edinburgh, ndipo chaka chotsatira adayamba kuphunzitsa pa St Francis College ku Pugu, kunja pang'ono kwa mzinda. Mu April 1953, m'holo ya Arnautoglu, iye adapikisana ndi Abdulwahid pa mpando wa pulezidenti ndipo adapambana ndi mavoti ochepa. Wogonjayo sadatuluke m'bungwe mokwiya monga timaonera masiku ano. Adavomera kukhala wachiwiri, ndipo khomo lake lidali lotseguka kwa mnzake amene adamugonjetsa.

Pa 7 July 1954, m'nyumba ya pa New Street ija, nthumwi 17 zidasandutsa TAA kukhala chipani cha TANU. Palibe angatsutse kuti Nyerere anali ndi lilime lodalitsika. Chiswahili chake chinkafika pamtima pa mlimi ndi kalaliki yemwe, ndipo mu 1955 adakalankhulira Tanganyika ku United Nations ku New York. Koma mutu umodzi susenza denga. Kumbuyo kwake kunali Dossa Aziz, wopereka chuma chake ndi galimoto yake, John Rupia wamalonda, ndi Ally Sykes, mng'ono wa Abdulwahid, mwini khadi ya nambala 2 ya chipanicho. Nyerere atasiya uphunzitsi m'chaka chomwecho kuti adzipereke ku ndale, anthu otere ndiwo adamugwira dzanja.

Nkhani ya Bibi Titi Mohamed ikuonetsa mbali ina: ngakhale wolankhula weniweni ulemu ungamuthawe. Mayiyu sadapite patali ndi sukulu. Mawu adawaphunzira m'magulu a amayi a nyimbo ndi magule a mumzinda wa Dar es Salaam, momwe anali wotsogolera nyimbo. Atalowa TANU mu 1955 adapatsidwa nthambi ya amayi, ndipo m'miyezi yowerengeka adalembetsa amayi zikwizikwi, akuyenda gulu ndi gulu la magule. Pa misonkhano ya pa bwalo la Mnazi Mmoja ankakonza mitima ya khamu Nyerere asadaimirire. Dziko litalandira ufulu pa 9 December 1961 adakhala phungu ndi wachiwiri kwa nduna. Koma mu 1969 adamangidwa pa mlandu wofuna kugwetsa boma, naweruzidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Adakhululukidwa mu 1972, koma kwa zaka zambiri dzina lake silinkatchulidwa pagulu. Lidayamba kubwerera cha m'ma 1990, ndipo buku la Susan Geiger lonena za amayi a TANU, la mu 1997, lidasunga mawu ake iye akadali moyo. Adamwalira mu 2000. Lero umodzi mwa misewu ikuluikulu ya pakati pa mzindawo ukutchedwa ndi dzina lake.

Nanga a Sykes? Abdulwahid adamwalira mu 1968, alibe mpando waukulu m'boma limene adathandiza kulibweretsa. Chimene chidapulumutsa mbiri yawo ndi chizolowezi cha ulembi chomwe chija. Kleist adasiya zolemba za moyo wake, ndipo mdzukulu wake, Daisy Sykes Buruku, adazigwiritsa ntchito polemba mbiri ya agogo ake m'buku limene John Iliffe adasonkhanitsa mu 1973. Mu 1998 Mohamed Said adatulutsa buku la moyo wa Abdulwahid, momwe adadandaula kuti mbiri yovomerezeka ya chipani idasiya kunja anthu a ku Kariakoo, makamaka Asilamu, amene adayala maziko. Bukulo lidautsa mtsutso waukulu. Ena adati lidakuza kwambiri nkhani ya chipembedzo ndi kuchepetsa ntchito ya Nyerere, ena adati lidabwezera anthu chimene chinali chawo. Mulimonsemo, mayina amene adali pafupi kuiwalika adayambanso kukambidwa. Ku Kariakoo kuli msewu wa Kleist Sykes, ndipo New Street tsopano ndi Lumumba Street, kumene chipani cha CCM chili ndi ofesi yake.

Kwathu nakonso zoterezi zidachitika. Nyasaland African Congress itakhazikitsidwa mu 1944, pulezidenti woyamba anali Levi Mumba, koma amene adalemba makalata osonkhanitsa mabungwe a m'maboma anali James Frederick Sangala. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi mayina awiri onsewa ankamveka pang'ono zedi, ndipo mpaka mu 2012 ndi pamene nkhope ya Sangala idaikidwa pa ndalama ya K100. Ku Zambia, ndi ana asukulu angati amene angatchule Donald Siwale wa Mwenzo Welfare Association, kapena Dauti Yamba amene adagwirizanitsa mabungwe a Aafirika mu 1946?

Pali bungwe lina limene lidaganizira vutoli n'kuliikira lamulo. Toastmasters, limene Ralph Smedley adayambitsa mu 1924 ku Santa Ana m'dziko la America, lili ndi nthambi ku Dar es Salaam, Lusaka, Lilongwe ndi Blantyre. Ulemu wake waukulu, wotchedwa Distinguished Toastmaster, superekedwa chifukwa cha kulankhula kokha. Woulandira ayenera kukhala atatumikirapo pa udindo m'kalabu yake ndi m'chigawo, ndiponso atathandiza kuyambitsa kapena kulera kalabu ina. Lamulo lotere likadakhalapo pa New Street, Kleist Sykes akadalandira ulemu wake ali moyo.

Ambiri a ife tili m'mabungwe: a maliro ku Johannesburg ndi Harare, a mpingo, a ophunzira akale, a zokambirana za chinenero chathu. Pa msonkhano wa pachaka, tisanaombere m'manja mlendo wolemekezeka, titchule dzina la mlembi, la msungichuma ndi la mayi amene adalembetsa mamembala khomo ndi khomo, iwo akumva. Ndipo mlembi akatula pansi udindo, buku la zokambirana lisapite naye kunyumba kukadyedwa ndi chiswe. Liperekedwe kwa womulowa m'malo pamaso pa onse, pakuti mdzukulu wina adzalifuna monga Daisy adafunira zolemba za agogo ake.