Odwala amene anaphunzira mayina a mankhwala awo

Pa 10 Disembala 1998, kagulu ka anthu kanasonkhana pakhomo pa tchalitchi cha St George's ku Cape Town n'kuyambitsa bungwe la Treatment Action Campaign, lodziwika kuti TAC. Ma ARV analipo kale ku Ulaya ndi ku Amereka, koma m'zipatala za boma ku South Africa munalibe. Mwezi womwewo Gugu Dlamini anaphedwa ku KwaMashu ataulula kuti ali ndi kachirombo ka HIV. A TAC anayankha povala matisheti olembedwa kuti "HIV POSITIVE", amene ali nako ndi amene alibe omwe.

Mtsogoleri wawo, Zackie Achmat, anakana kumwa ma ARV ngakhale akanatha kuwapeza, ati mpaka mmphawi aliyense atawalandira. Mu 2000 anabwera ndi mankhwala otchipa a fluconazole kuchokera ku Thailand, patent ya kampani ya Pfizer osaiopa. Mu Epulo 2001 makampani 39 opanga mankhwala anachotsa mlandu womwe anasumira boma, ndipo mu Julayi 2002 khoti lalikulu la zamalamulo linalamula kuti nevirapine, woteteza mwana pobadwa, azipezeka m'zipatala zonse za boma.

Izi ndiye zinatchuka m'manyuzipepala. Ntchito yolimba inkachitikira m'makomboni ngati Khayelitsha, komwe odwala, ambiri a iwo amayi osalemba pantchito, ankaphunzitsana za CD4, momwe kachirombo kamaswanirana m'magazi, dzina la mankhwala aliwonse ndi mavuto amene amadzetsa m'thupi. Munthu yemwe kale ankangolandira mapiritsi ndi manja awiri n'kuthokoza anayamba kufunsa adokotala kuti: chitetezo changa chili pa bwanji, nanga awa mwandipatsiranji? Nduna ya zaumoyo, Manto Tshabalala-Msimang, itamalimbikitsa adyo, mandimu ndi bitiruti, inapeza kuti odwala akudziwa poiyankha. Kumapeto kwa 2003 boma linagonja, ndipo ma ARV anayamba kuperekedwa mu 2004.

Ku Malawi ma ARV aulere anayambanso chaka chomwecho, koma anali ndi stavudine, amene ankaphwetsa masaya ndi matako, kukulitsa mimba ndi kuchititsa dzanzi m'mapazi. Amayi ena ankasalidwa chifukwa thupi linkawaulula. Mu 2012 anasonkhana n'kutchula mankhwalawo ndi dzina pamaso pa akuluakulu a boma, kupempha kuti achotsedwe. Mu 2013 zipatala zinayamba kusamutsira odwala onse ku mankhwala okhala ndi tenofovir, omwe pamzere wa kuchipatala ankangoti 5A.