Wogula chithunzi sagula umwini wa luso

Munthu akagula chithunzi chojambula pamanja kapena chiboliboli cha phingo pamsika ku Lilongwe, amapita nacho kunyumba ngati katundu wake. Akhoza kuchipachika pakhoma, kupatsa m'bale wake kapena kuchigulitsanso. Chimene sadagule ndi ufulu wochichulukitsa. Ufulu umenewu umatsala m'manja mwa amene adajambula kapena kusema, pokhapokha iye ataupereka kwa wina kudzera mumgwirizano wolembedwa.

Choncho hotela imene yagula chithunzi cha asodzi a kunyanja ilibe mphamvu yochisindikiza pakalendala, pamalaya kapena pachitenje, ngakhalenso kutsatsira nacho malonda pa Facebook, popanda chilolezo cha wojambula. Apa mpamene ambiri amalakwa, ndipo nthawi zina mwini lusoyo sadziwa n'komwe kuti walakwiridwa.

Ku Malawi nkhaniyi ili m'lamulo la Copyright Act la 2016, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1989. Bungwe la COSOMA, lomwe lidayamba ntchito mu 1992, ndilo limayang'anira ufulu wa anthu aluso, ngakhale ambiri amalidziwa pa nkhani za oyimba basi. Dziko lino lidalowanso m'pangano la Berne mu 1991, kotero ntchito ya Mmalawi imatetezedwa m'maiko ena onse a m'panganoli.

Chitetezo chimayamba ntchitoyo ikangopangidwa, osadikira kulembetsa, ndipo chimakhalapo moyo wonse wa mwini luso ndi zaka 50 atamwalira. Komabe mlandu umafuna umboni. Wojambula amene amasayina ntchito yake, kulembapo chaka ndi kusunga zojambula zoyambirira savutika kutsimikizira khoti kuti ndi yake. Lamulo limamupatsanso ufulu wotchulidwa dzina ndi wokana kuti ntchito yake isinthidwe m'njira yomunyozetsa. Chimene sichitetezedwa ndi ganizo chabe: aliyense ali ndi ufulu wojambula phiri la Mulanje kapena mayi wosenja mtsuko, bola asakopere chithunzi cha mnzake.

Nkhani yovuta imabwera mtengo wa chithunzi ukakwera wojambula atachigulitsa kale. Chitsanzo chotchuka ndi cha Jean-François Millet wa ku France, amene adamwalira mu 1875. Chithunzi chake chotchedwa L'Angélus adachigulitsa motchipa ali moyo, koma mu 1889 chidagulidwa pamtengo wa mafranc 553,000, banja lake osalandirapo kalikonse. Nkhani ngati imeneyi ndizo zidachititsa dziko la France kukhazikitsa lamulo mu 1920 loti wojambula, kapena olowa chuma chake, azilandira kagawo nthawi zonse ntchito yake ikagulitsidwanso pamsika wa zaluso. Britain idatsatira mochedwa, mu 2006. Pangano la Berne limavomereza ufuluwu koma limasiyira dziko lililonse kusankha ngati liutsate.

Kagawo kotere kamatheka kutolera pokhapokha pali kaundula wosonyeza amene adagulitsa, amene adagula ndi mtengo wake. Ziboliboli ndi zithunzi zambiri za kuno zimagulitsidwa m'mbali mwa msewu, popanda lisiti ndiponso popanda dzina la wosema, ndipo zikakwera ndege ndi mlendo palibe amene angazilondolenso.