Sieglinde Snapp

Sieglinde Snapp, amene anzawo pantchito amangowatchula kuti Sieg Snapp, ndi katswiri wa sayansi ya nthaka ndi kalimidwe ka mbewu wochokera ku America. Amadziwika kwambiri ndi njira yoyesera mbewu m'minda ya alimi yotchedwa "mayi ndi mwana", imene pa Chingerezi amati mother and baby trial. Njirayi inayambira ku Malawi m'zaka za m'ma 1990. Amadziwikanso ndi kafukufuku wolima nandolo pamodzi ndi mtedza pofuna kubwezeretsa chonde m'nthaka. Anakhalapo ku Chitedze, malo a kafukufuku wa zaulimi amene ali kumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe pamsewu wa ku Mchinji, ndipo dera la Mpingu ndi limodzi mwa madera amene njira yawo inayesedwa koyamba.

Maphunziro ndi ntchito

A Snapp anatenga digiri ya PhD ku University of California, Davis mu 1992, pomwe ankafufuza mmene mchere wa m'nthaka ndi matenda zimaonongera mizu ya tomato. Mu 1993 anabwera ku Malawi mothandizidwa ndi bungwe la Rockefeller Foundation ndipo anagwira ntchito ndi akatswiri a nthaka a mu Unduna wa Zaulimi. Kuyambira 1996 mpaka 1999 anali ku bungwe la ICRISAT, lomwe limafufuza za mtedza, nandolo, mapira ndi mawere, ndipo ofesi yake m'dziko muno ili ku Chitedze. Kenaka anapita ku Michigan State University komwe anadzakhala pulofesa. Pofika 2022 anali mkulu wa nthambi ya Sustainable Agrifood Systems ku CIMMYT, bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu lomwe likulu lake lili ku Mexico.

Vuto limene anapeza

Nthawi imene a Snapp ankafika, ulimi wa chimanga unali pamavuto. Mu 1994 ndalama ya kwacha inagwa mphamvu kwambiri, ngongole za alimi zinasokonekera, ndipo posakhalitsa boma linachotsa thandizo lotsitsa mtengo wa feteleza. Malangizo a nthawiyo ankauza mlimi aliyense, kaya ndi wa pakatondo kaya ndi wa pamchenga, kuti athire makilogalamu 92 a nayitulojeni pa hekitala imodzi ya chimanga cha hayibulidi. Alimi ang'onoang'ono ambiri sakanakwanitsa kugula feteleza wochuluka chomwecho.

Mu 1998 anasindikiza zotsatira za kuyeza dothi lotengedwa m'malo oposa 1,000 m'minda ya alimi ang'onoang'ono m'zigawo zonse zitatu. Anapeza kuti dothi lambiri ndi lamchengamchenga, lokhala ndi asidi pang'ono, ndipo chakudya cha mbewu chimasiyana kwambiri kuchoka pamunda wina kupita pa wina. Mchere umene chimanga chimasowa koposa ndi nayitulojeni. Mbewu za mtundu wa nyemba zimatha kuthandiza pamenepa, chifukwa pamizu yake pamakhala timibulu momwe mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso totenga nayitulojeni kuchokera mumpweya. Sayansi imeneyi inali yodziwika kale. Chimene sichinkadziwika ndi chakuti mlimi wa ekala imodzi kapena ziwiri angalole kupatula malo a mbewu iti pamunda umene umadyetsa banja lake nsima.

Njira ya mayi ndi mwana

Kale ofufuza ankayesa mbewu pamalo awo monga Chitedze kapena Bvumbwe, pomwe pali antchito opalira panthawi yake komanso mpanda wotchinga ziweto, kenaka alangizi n'kukauza alimi zotsatira. Ena ankayesera m'minda ya alimi, koma mlimi ankangobwereketsa malo, maganizo ake osalembedwa paliponse. Njira ya mayi ndi mwana inalumikiza mbali ziwirizi.

Munda wa "mayi" umakhala umodzi pamudzi. M'menemo amayesa njira zonse zimene zikufufuzidwa, iliyonse mobwereza katatu kapena kanayi, kuti masamu athe kusonyeza ngati kusiyana kwa zokolola kuli kwenikweni kapena kwangochitika mwamwayi. Mozungulira mayiyo mumakhala minda ya "ana", nthawi zambiri makumi awiri kapena kuposerapo. Mlimi aliyense amatenga njira ziwiri kapena zitatu zokha mwa zimene zili kwa mayi, n'kuziyerekeza ndi kalimidwe kake ka masiku onse, pamunda wake, ndi khasu lake, kupalira pamene iye wapeza mpata. Pokolola amayeza zokolola, komanso amafunsa mlimi kuti asanje njirazo kuyambira imene waikonda kwambiri ndi kunena chifukwa chake. A Snapp analemba kuti dzina la mayi ndi mwana linachokera kwa mmodzi mwa alimi amene ankachita nawo kafukufukuyu.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 njirayi inayesedwa ku Mpingu ndi ku Mitundu m'boma la Lilongwe, ku Chisepo m'boma la Dowa, ku Bembeke m'mapiri a Dedza, ku Chitala ndi ku Mangochi kufupi ndi nyanja, komanso ku Songani ku Zomba. Ena mwa amene ankagwira nawo ntchito ndi a George Kanyama-Phiri ndi a Bernard Kamanga a ku Bunda College. Zimene ankayerekeza zinali chimanga chokhachokha, chimanga ndi nandolo, chimanga ndi ombwe, kalongonda wosinthana ndi chimanga, ndiponso mtedza wophatikiza ndi nandolo.

Zotsatira zake zinatuluka m'nkhani ziwiri mu 2002, ndipo phindu la kufunsa mlimi linaonekera poyera. Mbewu zimene zimapereka masamba ambiri okwirira m'nthaka, monga ombwe ndi kalongonda, zinkakweza zokolola za chimanga cha chaka chotsatira, koma alimi ambiri sankaziika patsogolo. Ombwe sadyedwa, ndipo kalongonda amafuna kuphika nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo kuti poizoni wake achoke. Alimi ankafuna mbewu yopereka ndiwo kapena ndalama chaka chomwecho, yosachulutsa ntchito, ndiponso yoti mbewu yake ipezeke. Wofufuza woyang'ana sikelo yokha akanalangiza zolakwika.

Nandolo ndi mtedza m'munda umodzi

Njira imene inakhutiritsa mbali zonse ndi yobzala mtedza ndi nandolo pamizere yomweyo. Mbewu ziwirizi sizilimbana kwenikweni chifukwa nandolo amakula pang'onopang'ono miyezi yoyamba, pamene mtedza ukuyanga ndi kubereka. Mtedza ukakumbidwa mu Epulo kapena Meyi, nandolo amatsala yekha, mizu yake yaitali n'kumakoka chinyezi pansi, ndipo amapitiriza kukula m'chilimwe uku akuyoyola masamba. Mlimi amakolola kawiri pamalo amodzi. Chaka chotsatira akabzala chimanga pamenepo, chimapeza nthaka yokhala ndi nayitulojeni wochokera ku masamba, mizu ndi zotsalira za mtedza, makamaka ngati zakwiriridwa m'malo motenthedwa.

Ku Ekwendeni m'boma la Mzimba, pulojekiti ya Soils, Food and Healthy Communities, imene inayamba mu 2000 mogwirizana ndi chipatala cha Ekwendeni ndi Rachel Bezner Kerr, inapereka njira zoterezi kwa alimi kuti asankhe okha pofuna kuchepetsa kunyentchera kwa ana. Kumenekonso ambiri anasankha mbewu zodyedwa. Kuyambira 2012 kafukufuku anapitirira pansi pa Africa RISING ku Linthipe ndi Golomoti m'boma la Dedza, komanso ku Kandeu ndi Nsipe m'boma la Ntcheu. Mu 2016 boma la Malawi linavomereza kuphatikiza mtedza ndi nandolo ngati njira imene alangizi angaphunzitse alimi.

Zolemba zawo ndi nkhani ya feteleza wotsika mtengo

Nkhani yawo yotchuka kwambiri yokhudza Malawi inatuluka mu 2010 m'magazini ya sayansi ya PNAS, pamutu wakuti "Biodiversity can support a greener revolution in Africa". Anailemba pamodzi ndi Malcolm Blackie, Robert Gilbert, Rachel Bezner Kerr ndi George Kanyama-Phiri. Inachokera pa minda yoyesera 991 ya m'dziko lonse ndi ina 146 imene anaitsatira pogwira ntchito ndi alimi kwa zaka khumi. Inasonyeza kuti feteleza wochepa chabe amachulukitsa kawiri zokolola za chimanga. Inasonyezanso kuti kusinthanitsa chimanga ndi mbewu zokhalitsa m'munda monga nandolo, pothira theka la feteleza, kumapereka chakudya chofanana ndi cha chimanga chokhachokha chothiridwa feteleza yense, ndipo kusinthasintha kwa zokolola kunatsika kuchoka pa 22 kufika pa 13 peresenti.

Nkhaniyi inatuluka pamene ndondomeko ya makuponi ya FISP, imene boma la Bingu wa Mutharika linayamba mu 2005, inkatamandidwa m'maiko ambiri. A Snapp sananene kuti feteleza ndi wosafunika. Mfundo yawo inali yakuti thumba lomwelo limabereka zambiri panthaka imene yadyetsedwa ndi mbewu za mtundu wa nyemba. Mu 2017, pamodzi ndi Joseph Messina ndi Brad Peter, anasindikiza mu Nature Plants kafukufuku wogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti, amene anakayikira ngati zokolola za chimanga zinakweradi monga mmene ziwerengero za boma zinkanenera. Mu 2020, ndi William Burke ndi Thomas Jayne, anasonyeza kuti m'minda yambiri ya m'chigawo chapakati phindu la feteleza ndi lochepa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi udzu wochuluka. Zimenezi sizokoma kumva m'dziko limene gawo lalikulu la bajeti ya zaulimi limapita ku feteleza.

Ku America amadziwikanso ndi nkhani ya mu 2005 ya mu Agronomy Journal yokhudza mbewu zophimba nthaka, imene ofufuza ena amaitchula kawirikawiri. Pamodzi ndi Barry Pound anakonza buku la Agricultural Systems: Agroecology and Rural Innovation for Development, lomwe linatuluka mu 2008 ndipo linasindikizidwanso mu 2017.

Kumene ntchitoyi yafika

Njira ya mayi ndi mwana inafalikira msanga kuposa mbewu zimene inapangidwira. Akatswiri a CIMMYT, motsogozedwa ndi Marianne Bänziger, anaigwiritsa ntchito kum'mwera kwa Africa posankha mitundu ya chimanga yopirira chilala ndi nthaka yoguga. Inagwiritsidwanso ntchito pa mpunga ku Asia ndi pa mbatata ku South America ndi ku Africa. Masiku ano alangizi ndi mabungwe ambiri amatchula dzinali osadziwa kuti linabadwira m'midzi ya ku Malawi.

Nandolo yekha wayenda pang'onopang'ono m'chigawo chapakati. Ku Zomba, Mulanje ndi Chiradzulu ndi mbewu yakale, koma kumadzulo kwa Lilongwe, monga ku Namitete, Nsaru ndi Kabudula, alimi anazolowera mtedza, soya ndi fodya. Chopinga chachikulu ndi mbuzi. M'midzi yambiri ziweto zimamasulidwa anthu akangokolola chimanga, nthawi imene nandolo ndi yekha wobiriwira m'munda, ndipo popanda lamulo la mfumu loti ziweto zimangidwe mlimi amataya zonse. Mitundu yocha msanga monga Mwaiwathualimi imachepetsako vutoli koma siithetsa. Msika nawo ndi wosadalirika: mu 2017 dziko la India, lomwe limagula nandolo wambiri wa ku Malawi, linaika malire pa nandolo wolowa m'dzikolo, mitengo inagwa, ndipo alimi ena amene anali atangoyamba kumulima anasiya.