WAPOLISI WA KU BERLIN NDI ZITUNDA ZA KU DOWA

A Mkonzi anandipempha kuti ndilembeko za mbiri yakale m'kalata yathu ino, ndipo ine ndasankha kulemba za mabuku. Sindikunena mabuku a silabasi aja tinkaloweza mpaka tambala woyamba ayi, koma mabuku a nkhani zopeka za apolisi ofufuza milandu ndi akazitape. Ambiri a ife amene tinaphunzira m'zitunda za Dowa ndi Ntchisi m'zaka za m'ma 1970 tikukumbukira mabuku a James Hadley Chase, amene ankayenda m'manja ndi m'manja mpaka chikuto kuthothoka. Tinkawatenga ngati zongotsukira m'kamwa, nsima yeniyeni nkukhala Masamu ndi Jogalafe. Koma pali kagulu kena ka mabuku a mtundu womwewu kamene sikongotayitsa nthawi: mabuku amene nkhani zake zimachitikira ku Germany pakati pa 1929 ndi 1939, pamene Adolf Hitler ndi chipani chake cha Nazi ankakwera ndi kukhazikika pa mpando. Munthu wokulira kufupi ndi Dzaleka amawerenga mabuku amenewa mtima uli m'mwamba, ndipo ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake.

Poyamba tikumbutsane mbiri mwachidule, pakuti ena tinasiyana ndi mabuku a mbiri tsiku lomwe tinalemba mayeso omaliza. Pa chisankho cha 1928 chipani cha Nazi sichinapeze ngakhale mavoti 3 pa 100 alionse. Kenaka chuma cha dziko lonse chinagwa mu 1929, mafakitale natsekedwa, ndipo pofika 1932 Ajeremani okwana 6 miliyoni analibe ntchito. Mu Julayi chaka chimenecho a Nazi anapeza mavoti 37 pa 100 alionse. Sanafike theka, komabe pa 30 Januwale 1933 Pulezidenti Hindenburg anapereka utsogoleri wa boma kwa Hitler, andale ena akale akuganiza kuti adzamuweta ngati mbuzi ya pa chingwe. Pa 27 Febuluwale Nyumba ya Malamulo inapsa, ndipo m'mawa mwake kunatuluka lamulo lochotsa ufulu wolankhula ndi wosonkhana, ndi kulola boma kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu. Ndende ya Dachau inatsegulidwa mu Malichi. Pofika pa 14 Julayi, chipani chololedwa chinatsala chimodzi. Zonsezi zinachitika miyezi isanu ndi umodzi isanathe.

Tsono nachi chimene chimasiyanitsa mabuku amenewa ndi anzawo. Buku wamba la wofufuza milandu limakhala pa mafuwa atatu: wina wapha munthu, wapolisi amupeza, woweruza amulanga, ndipo wowerenga amatseka buku mtima uli m'malo. Nanga ngati wakuphayo wavala yunifolomu ya boma? Mu Febuluwale 1933, Hermann Göring analemba anyamata pafupifupi 50,000, ambiri a iwo a magulu a chipani, kuti akhale othandiza apolisi. Amenewa ndi anyamata omwe aja apolisi ankawamanga chaka chapitacho chifukwa chomenya anthu m'misewu. Bernhard Weiss, wachiwiri kwa mkulu wa apolisi a mu Berlin, munthu wodziwa malamulo ndiponso Myuda, anali atachotsedwa kale pa ntchito mu Julayi 1932, ndipo anathawa nakafera ku London. Pa 30 Juni 1934 Hitler anaphetsa anzake a m'chipani ndi adani ena, kuphatikizapo Kurt von Schleicher, amene anatsogolera boma iye asanalowe, pamodzi ndi mkazi wake. Patapita masiku atatu boma linalemba lamulo lonena kuti kupha kumeneko kunali kovomerezeka. Wapolisi wofufuza za imfa atani ndi fayilo yotere?

Amene anafunsa funso limeneli mwaluso kuposa ena, m'kuona kwanga, ndi Philip Kerr wa ku Scotland, amene anamwalira mu 2018. Buku lake loyamba, March Violets, linatuluka mu 1989. Mwini nkhani ndi Bernie Gunther, amene anasiya upolisi chifukwa chosagwirizana ndi a Nazi nayamba kufufuza milandu payekha. Ntchito imene imamudyetsa kwambiri ndi yofunafuna anthu osowa, ndipo mu Berlin wa 1936 ntchito imeneyo sinkatha. Dzina la bukuli ndi dzina lachipongwe limene ankapatsidwa anthu olowa chipani mochedwa, ataona kuti mphepo yatembenuka. Nafenso anthu otere tinawaona mu 1964, tinawaonanso mu 1994. M'buku lachiwiri, The Pale Criminal, la mu 1990, Reinhard Heydrich amamukakamiza Gunther kubwerera ku polisi kuti apeze amene akupha atsikana mu 1938. Gunther amafufuza moona mtima, koma mapazi a chigawengacho amakalowa m'nyumba za akuluakulu a gulu lomwe lamutuma. Chimene ndimakondera Kerr ndi chakuti sanamupange Gunther kukhala mngelo. Amadana ndi a Nazi, komabe amawagwirira ntchito, amalandira ndalama zawo, ndipo amadzitonthoza ndi nthabwala.

Mjeremani mwini wake, Volker Kutscher, anayambira nkhani yake kumbuyo pang'ono. Buku loyamba la nkhani yakeyi, la mu 2007, limene pambuyo pake linasanduka kanema wotchedwa Babylon Berlin, likuyamba mu 1929, Hitler akadali munthu wosekedwa m'manyuzipepala. Wapolisi wake, Gereon Rath, samasamala za ndale. Buku lililonse lotsatira limasuntha chaka, ndipo wowerenga amaona madzi akukwera pamene Rath akuti izi nzodutsa. Dzina la Chijeremani la buku loyambalo limatanthauza nsomba yonyowa, mawu amene apolisi a m'bukumo amatchulira mlandu wokanika, woterera ngati mlamba. Analiponso alembi Achingerezi amene analemba moto usanabuke, monga Eric Ambler, ndi Geoffrey Household amene mu 1939 anatulutsa Rogue Male, nkhani ya mlenje wozembera wolamulira wankhanza wosatchulidwa dzina. Koma awa ankaona zinthu ali kunja kwa mpanda, ndipo kwa ine sakhudza mtima ngati aja olemba za wapolisi wa m'kati.

Kwathu kuno dzina la Hitler linafika ndi asilikali. Amuna a m'midzi ya Dowa ndi Ntchisi analowa King's African Rifles, nkhondoyo nkumatchedwa ya Hitler, ngakhale ambiri a iwo anakamenyana ndi Ataliyana ku Somaliland ndi Abyssinia, anakafika ku Madagascar mu 1942, kenaka nakakumana ndi Ajapani ku Burma. Mjeremani weniweni ambiri sanamuone. Chimene chimandichititsa kuwerenga mabuku aja ndi khutu lina si nkhondoyo ayi, koma zimene zinadza patapita zaka makumi awiri.

Pano ndinene mosapsatira, kuopa kuti wina anganditole mawu m'kamwa. Dr Banda sanali Hitler, ndipo Malawi sanali Germany. A Nazi anapha Ayuda 6 miliyoni ndi kuyatsa nkhondo ya dziko lonse. Kufanizira zimenezo ndi zathu ndi kunyoza akufawo. Koma zida zogwirira anthu pakhosi zimafanana, monga mpeni wa opha ng'ombe ufanana ndi wa opha nkhuku. Nduna zitagawanika mu Seputembala 1964, ndipo Henry Chipembere atalephera kulanda boma mu Febuluwale 1965, kuno nako kunabwera malamulo otsekera munthu popanda mlandu. Apayoniya anapatsidwa mphamvu zoti apolisi sankatha kuwamanga popanda chilolezo. Mu 1966 chipani chinatsala chimodzi, ndipo mu 1968 kunakhazikitsidwa bungwe loletsa mabuku ndi mafilimu. Malo amodzi otsekerako anthu anali Dzaleka, pafupi ndi boma la Dowa, malo a mphepo yozizira yolowa m'mafupa. Anthu amati dzinalo likuchokera pa mawu a munthu wolapa, wonena kuti ndidzaleka. Tonse tinkalidziwa dzinalo, ndipo tinkalitchula motsitsa mawu.

Pali gulu limodzi la anthu limene linalawa ndende za mbali zonse ziwiri, ndilo Mboni za Yehova. Ku Germany anayamba kuletsedwa mu 1933, ndipo ankakana kukweza mkono polonjera Hitler ndi kulowa usilikali. M'ndende ankavekedwa kansalu kofiirira ka makona atatu, ndipo mosiyana ndi akaidi ena, iwo akanatha kutuluka akanangosayina pepala lokana chikhulupiriro chawo. Ambiri sanasayine, ndipo oposa 1,000 anafa. August Dickmann anaomberedwa pamaso pa akaidi anzake ku Sachsenhausen pa 15 Seputembala 1939. Kuno kwathu analetsedwa mu Okutobala 1967, mlandu wawo waukulu nkukhala kukana kugula khadi la chipani. Mu 1972 anthu zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale, kum'mawa kwa Zambia, ena ku Mozambique. Atabwezedwa kuchokera ku Mozambique mu 1975, ambiri anatengedwa kupita ku Dzaleka, amayi ndi ana omwe, ndipo ena anafera komweko. Nawonso chitseko chinali chomwecho: gula khadi upite kwanu. Chiletsocho chinachotsedwa mu Ogasiti 1993. Kaya munthu umagwirizana ndi chiphunzitso chawo kaya ayi, imeneyo ndi nkhani ina. Ine ndikungonena kuti zimene timaziyesa za ku Berlin zinachitikira pa mtunda woyenda ndi njinga kuchokera pamene tinkaphunzira.

Chinanso chimene mabukuwa amachidziwa bwino ndi kazitape wa pakhomo. M'mafilimu kazitape amavala chipewa ndi jasi lalitali, koma katswiri wa mbiri Robert Gellately, atafufuza mafayilo a Gestapo amene anapulumuka mu mzinda wa Würzburg, anaonetsa m'buku lake la mu 1990 kuti apolisi achinsinsiwo anali ochepa ndithu, ndipo milandu yambiri inkayamba ndi makalata a anthu wamba: woyandikana naye nyumba, mnzake wa ku ntchito, wopikisana naye pa malonda. Ife amene tinakhalapo pa bawo kapena m'basi nkuona kucheza kukuzima mwadzidzidzi chifukwa pafika nkhope yachilendo, sitifuna wotimasulira zimenezi.

Milandu yoyenera Bernie Gunther tili nayo. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu osachepera 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre. Khoti lalikulu litamasula oganiziridwa mu 1969 chifukwa chosowa umboni, boma linapereka mphamvu zozenga milandu yakupha ku makhoti amakolo, kumene maloya sankaloledwa, ndipo oweruza Achingerezi anatula pansi udindo. Makhoti omwewo ndi amene mu 1977 anaweruza Albert Muwalo ndi Focus Gwede. Gwede anali mkulu wa Special Branch, wotsekera anzake, ndipo msampha womwewo unamukola. Ku Germany nako Arthur Nebe, mkulu wa apolisi ofufuza milandu, amene Kerr amamulowetsa kawirikawiri m'mabuku ake, anatsogolera gulu lopha Ayuda kum'mawa mu 1941, kenaka a Nazi anzake anamunyonga mu 1945. Ndiye pali za ku Mwanza. Mu Meyi 1983 a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anapezeka atafa pa msewu wa ku Thambani, boma nkunena kuti inali ngozi ya galimoto. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Justice Mtegha linapeza kuti anaphedwa ndi apolisi. Mlandu unazengedwa, ndipo mu Disembala 1995 Dr Banda ndi a John Tembo anapezeka osalakwa. Pakati pa 1983 ndi 1994 panali apolisi, madalaivala ndi makalaliki amene ankadziwa, nkumapita ku ntchito m'mawa uliwonse, ana awo ali pa sukulu ngati yathu.

Amene anazunzidwa analemba zawo. A Sam Mpasu, amene anatsekeredwa mu 1975 chifukwa cha buku lawo lopeka lotchedwa Nobody's Friend, anafotokoza za ku Mikuyu mu Political Prisoner 3/75. A Jack Mapanje ndi mayi Vera Chirwa nawo analemba. Mabuku amenewa ndi a munthu wa m'kati mwa chitolokosi. Chimene Kerr ndi Kutscher amapereka ndi munthu wogwira kiyi, amene si chilombo, ali ndi lendi yolipira ndi mkazi wodwala, ndipo amadziuza kuti akachoka iye pabwera woipa kwambiri. Nkhani ya munthu ameneyu ndi yovuta kuilemba ngati umboni, pakuti palibe amene amafuna kudziyimba mlandu. Imatheka m'nkhani yopeka. Ndipo kulemba za zitunda zino si chinthu chachilendo. A Samuel Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, anatulutsa Nthondo mu 1933, chaka chomwe ophunzira a ku Berlin ankaotcha mabuku pabwalo, ndipo pambuyo pake analemba mbiri ya mfumu Msyamboza ya ku Chibanzi konkuno ku Dowa.

Dzaleka inasanduka malo a anthu othawa kwawo mu 1994, ndipo pofika 2023 munali anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Amene akudziwa mmene munalili kale akutha mmodzimmodzi. Pakati pa inu owerenga kalata ino alipo amene atachoka pa sukulu analowa upolisi, ena ukalaliki kwa DC, ena ulonda wa ndende, ndipo tsopano anapuma. Kwa inuyo makamaka ndi kumene ndikulozera mabukuwa. Amene angapeze limodzi lokha ayambe ndi March Violets. Chingerezi chake nchodzaza ndi nthabwala za m'misewu, motero mtanthauziramawu akhale pafupi.