Mbiri ya mbatata: kuchoka pa chakudya cha njala kufika pa mbewu yoteteza thanzi

Milu ya mbatata ndi mitolo ya kholowa pa msika wa Nsungwi ku Area 25 zimaoneka ngati zakwathu zachikhalire, koma mbewuyi ndi yobwera. Akatswiri amaitcha Ipomoea batatas, ndipo ili m'banja la zomera zoyanga zokhala ndi maluwa onga lipenga. Kwawo ndi ku Central ndi South America, ndipo amalonda achipwitikizi ndiwo adaifikitsa ku Africa m'zaka za m'ma 1500.

Kwa nthawi yaitali anthu ankaiona ngati chongomwera tiyi, poti chakudya chenicheni ndi nsima. Chilala cha 1991/92 chidasintha maganizo amenewa. Chimanga chitapserera m'minda, boma ndi mabungwe adalimbikitsa kuchulukitsa ndi kugawa mbewu ya chinangwa ndi mbatata, ndipo ntchito ya SARRNET idakhazikitsa likulu lake ku Chitedze. Mtundu wa Kenya udafala kwambiri.

Komabe mitundu yotuwa mkati inkangothetsa njala. Ana ambiri ankaperewera vitamini A, vuto lomwe limabweretsa khungu la usiku ndi kufooketsa chitetezo cha thupi ku chikuku ndi kutsekula m'mimba. Mbatata yofiira mkati ili ndi beta-carotene, yemwe thupi limamusandutsa vitamini A. Kafukufuku wa ku Zambezia m'dziko la Mozambique, wofalitsidwa mu 2007, adaonetsa kuti vitaminiyu adachuluka m'magazi a ana omwe ankaidya.

Kuno kwathu Zondeni adavomerezedwa mu 2008. Mu 2011 padatuluka Anaakwanire, Chipika, Kadyaubwerere, Kaphulira ndi Mathuthu, kuchokera ku ntchito ya ofufuza aku Bvumbwe mothandizana ndi bungwe la CIP. Tikumbukire kuti mbatatayi imateteza chabe. Mwana wodwala apite naye kuchipatala.

Vuto lomwe silidathe m'mbiri yonseyi ndi mbewu. Mvula ikagwa, alimi ambiri amapezeka alibe kholowa wobzala chifukwa adauma m'chilimwe kapena adadyedwa ndi mbuzi. Amatola wopezekeratu, yemwe nthawi zambiri ali ndi mavairasi ofalitsidwa ndi nsabwe ndi ntchentche zoyera.

Choncho alangizi ndi alimi otsogola, thandizani alimi kusunga nazale yotchingidwa bwino kudimba. Zulani mbewu ya masamba opiringizika. Dulani nsonga zathanzi zotalika masentimita 25 mpaka 30, ndipo bzalani pamzere motalikana masentimita 30. Kwirirani ming'alu ya nthaka kuti nankafumbwe asafike ku mbatata. Mtundu wabwino umapindulira banja pokhapokha mbewu yake ikapulumuka chilimwe.