Kachunidwe ka cithunzi pa kabokosi koonetsa makanema a pa intaneti

Kabokosi koonetsa makanema a pa intaneti ndi kacipangizo kamene kamalumikizidwa ku wailesi ya kanema kuti anthu aonere mafilimu, nkhani ndi masewera kucokera pa intaneti. Kamasiyana ndi dekoda cifukwa sikagwiritsa nchito mlongoti kapena dishi. Timabokosi todziwika kwambiri ndi Apple TV imene inatuluka mu 2007, Roku ya mu 2008, Chromecast ya mu 2013 ndi Fire TV ya mu 2014. Kampani ya Google inaleka kupanga Chromecast mu 2024, koma ambiri amene anagula akali kuigwiritsa nchito. Palinso timabokosi tambiri totsika mtengo toyendera pulogalamu ya Android.

Kabokosi kalikonse kali ndi mbali imene imalamula mtundu wa cithunzi cimene kamatumiza ku TV. Mbali imeneyi ikachunidwa molakwika, cithunzi cimatuwa, cimadumpha-dumpha, cimadulidwa m'mbali, kapena sikirini imangoti bii. Zikatero, mwini wake angaganize kuti TV yaonongeka, n'kutaya ndalama pa nthambo yatsopano kapena kwa wokonza mawailesi, pamene vuto likanatha ndi rimoti cabe. Mfundo yaikulu ndi yakuti nambala yapamwamba pa mndandanda si ndiyo yabwino nthawi zonse. Yabwino ndi imene igwirizana ndi zimene TV ikwanitsa kuonetsa.

Mmene kabokosi ndi TV zimamvanirana

Timabokosi tambiri timalumikizidwa ndi nthambo ya HDMI, imene imanyamula cithunzi ndi mau pamodzi. Nthambo ikangolowetsedwa, TV imatumiza uthenga wochedwa EDID ku kabokosi. Uthengawu umafotokoza kukula kwa cithunzi ndi liwiro limene TV ingalandire. Kabokosi kakakhala pa Auto, kamawerenga uthengawo n'kusankha kokha. Pa cifukwa cimeneci, Auto ndiye poyambira pabwino kwa anthu ambiri.

Koma nthawi zina uthengawo sufika bwino. Izi zimacitika maka-maka ngati pakati pa kabokosi ndi TV pali cipangizo cina, monga cokuzira mau kapena cogawira cithunzi ku ma TV awiri. Zimacitikanso ngati nthambo ndi yakutha. Apa m'pamene munthu afunika kulowa mu Settings, n'kupita pa mbali yolembedwa Display kapena Video, ndi kusankha yekha.

Kukula kwa cithunzi

Cithunzi ca pa TV cimapangidwa ndi timadontho tating'ono kwambiri tochedwa mapikiselo. Ciwerengero ca timadonthoti ndico cimachedwa Resolution pa menyu. Cithunzi ca 720p cili ndi timadontho 1280 copingasa ndi 720 cotsika. Ca 1080p cili ndi 1920 copingasa ndi 1080 cotsika, kutanthauza timadontho topitirira pang'ono 2 miliyoni. Ca 4K, cimene cimalembedwanso kuti 2160p, cili ndi 3840 copingasa ndi 2160 cotsika, ndiko kuti timadontho pafupifupi 8.3 miliyoni, kuwirikiza kanayi ta 1080p.

TV iliyonse ili ndi ciwerengero cake ca timadontho cimene inapangidwa naco, ndipo sicingaonjezeke. TV ya 1080p siingaonetse 4K ngakhale kabokosi kakhale kokwera mtengo motani. Ikatumiziridwa 4K mokakamiza, kawirikawiri imakana n'kulemba uthenga wakuti siikulandira cithunzi. Ma TV ambiri a mainchesi 32 olembedwa HD Ready ali ndi timadontho 1366 copingasa ndi 768 cotsika. Otere amalandira 720p ndiponso kawirikawiri 1080p, n'kucisintha okha kuti cikwane pa sikirini. Mwini wake angayese zonse ziwiri n'kusunga cimene cionetsa zilembo momveka bwino.

Cilembo ca p kapena i kumapeto kwa nambala cili ndi tanthauzo. Pa p, mizere yonse ya cithunzi imajambulidwa nthawi imodzi. Pa i, imajambulidwa mosinthana, theka loyamba kenaka theka laciwiri. Makanema a pa intaneti pafupifupi onse ndi a p, conco 1080p ndi yabwino kuposa 1080i ngati TV ilandira zonse.

Liwiro la cithunzi: 24, 50 kapena 60

Kanema ndi zithunzi zambiri zoonetsedwa motsatizana mofulumira. Nambala yolembedwa ndi Hz imanena kuti sikirini imasintha cithunzi kangati pa sekondi imodzi. Kusiyana kwa 50 ndi 60 kunacokera ku magetsi. Maiko amene magetsi ao ndi a 50 Hz, kuphatikizapo Zambia ndi maiko a ku Ulaya, anakhazikitsa wailesi ya kanema ya zithunzi 25 pa sekondi, ndipo Zambia inali kuulutsa mwa njira ya PAL. Dziko la America, kumene magetsi ndi a 60 Hz, linali kugwiritsa nchito NTSC, ya zithunzi pafupifupi 30 pa sekondi. Mafilimu a sinema amajambulidwa pa zithunzi 24 pa sekondi.

Timabokosi tambiri timabwera tili pa 60 Hz. Liwiro limeneli limayendera bwino makanema a zithunzi 30 kapena 60 pa sekondi, monga ambiri a pa YouTube ndi ojambulidwa ndi foni. Koma 25 kapena 50 siilowa ndendende mu 60. Kabokosi kamakakamizika kubwereza zithunzi zina kuposa zinzake, ndipo maso amaona ngati kanema akugwedera. Izi zimaoneka kwambiri pa mpira wa miyendo wa ku Ulaya kapena wa mu Africa, pamene kamera itsatira mpira kucoka mbali ina ya bwalo kupita ina. Filimu ya zithunzi 24 nayo imagwedera pa 60 Hz, cifukwa cithunzi cimodzi cimaonetsedwa katatu ndipo cotsatira kawiri.

Njira yothetsera vutoli ndi kulola kabokosi kusintha liwiro kulingana ndi kanema amene akuonetsedwa. Pa Apple TV, cosankha cimeneci ndi Match Frame Rate, cimene cinaikidwa mu 2017. Pa Fire TV cimalembedwa kuti Match Original Frame Rate, ndipo pa Roku ndi Auto-adjust display refresh rate. Cikayatsidwa, sikirini imada kwa sekondi imodzi kapena ziwiri kanema akamayamba ndi akamatha. Kumeneku si kuonongeka, ndi TV ikusintha liwiro. Si mapulogalamu onse amene amamvera cosankha cimeneci. Ngati kabokosi kalibe njirayi, banja limene limaonera kwambiri mpira ndi ziulutso za mu Africa kapena ku Ulaya lingaike 50 Hz.

Kuwala ndi mitundu

HDR ndi njira yoonetsera kusiyana kwakukulu pakati pa malo owala ndi amdima m'cithunzi. Mitundu yake yodziwika ndi HDR10, HDR10+, Dolby Vision ndi HLG. Ya HLG inapangidwa ndi BBC ya ku Britain pamodzi ndi NHK ya ku Japan kaamba ka nyumba zoulutsira mau ndi zithunzi. HDR imagwira nchito pokhapo ngati zitatu zigwirizana: kanema, kabokosi ndi TV.

Vuto lofala limabwera pamene kabokosi kaikidwa kuti kazitumiza HDR nthawi zonse. Makanema ambiri ndi a njira yanthawi zonse yochedwa SDR, ndipo akakakamizidwa kukhala HDR, nkhope za anthu zimasintha mtundu kapena cithunzi cimaoneka cotuwa. Ma TV ena otsika mtengo amalandira HDR koma alibe kuwala kokwanira, motero cithunzi cimakhala camdima kuposa mmene cikanakhalira pa SDR. Cosankha cabwino ndi cimene cimayatsa HDR pa kanema wa HDR yekha. Pa Apple TV ndi Match Dynamic Range, pa Fire TV ndi Adaptive.

Palinso mbali yolembedwa Color Format kapena Color Space, imene imapereka YCbCr ndi RGB. Makanema amasungidwa mu YCbCr, ndiye yoyenera pa TV. RGB ili pawiri: Limited, imene imayeza kuda ndi kuyera kuyambira pa 16 mpaka 235, ndi Full, kuyambira pa 0 mpaka 255. Kabokosi ndi TV zikasiyana pamenepa, zakuda zimaoneka zotuwa ngati phulusa, kapena malo amdima amada kwambiri moti cinthu sicioneka. Zonse ziwiri zifunika kukhala pa muyezo umodzi, kapena zisiyidwe pa Auto.

Cithunzi codulidwa m'mbali

Nthawi zina mau olembedwa pansi pa filimu kapena zigoli za pakona sizioneka zonse. Cocititsa ndi cizolowezi cocokera ku ma TV akale, amene anali kukulitsa cithunzi pang'ono kuti m'mphepete mwake mubisike. Ma TV ena amakono akali kutero. Vutoli limakonzedwa pa TV, osati pa kabokosi. Pa LG cosankha cake ndi Just Scan, pa Samsung ndi Screen Fit kapena Fit to Screen, ndipo pa Sony ndi Full Pixel. Timabokosi ta Android tili ndi njira yocepetsera cithunzi kuti cikwane, koma imacititsa zilembo kuoneka mwacimbuuzi, conco ndi yoyesa pothera.

Sikirini zamakono ndi za muyezo wa 16:9, pamene zakale zinali za 4:3. Filimu yakale ikaonetsedwa pa sikirini yatsopano, mizere yakuda kumanzere ndi kumanja ndi yoyenera. Kuitambasula kuti idzaze sikirini kumafupikitsa ndi kunenepetsa anthu a m'cithunzi.

Nthambo ndi polowetsa pake

HDMI inakhazikitsidwa mu 2002 ndipo yakhala ikusintha. HDMI 1.4 ya mu 2009 imanyamula 4K koma mpaka zithunzi 30 cabe pa sekondi. HDMI 2.0 ya mu 2013 inakweza mpaka 60, ndipo HDMI 2.1 ya mu 2017 inapitirira pamenepo. Pa 1080p, nthambo iliyonse yabwino yolembedwa High Speed ndi yokwanira. Pa 4K ya 60 Hz ndi HDR pafunika ya Premium High Speed. Nthambo yokwera mtengo siikongoletsa cithunzi kuposa yotsika mtengo ya muyezo womwewo. Nthambo ikalephera, zizindikiro zake ndi timadontho toyera tothwanima, cithunzi cozima-zima, kapena kusowa kwa cithunzi.

Pa ma TV ena a 4K, si malo onse olowetsa HDMI amene ali ndi mphamvu zofanana, ndipo ena afunika kutsegulidwa mu menyu ya TV. Samsung imacha cosankhaco Input Signal Plus kapena HDMI UHD Color, LG imati HDMI Ultra HD Deep Colour, Sony imati Enhanced format. Kuonjezera apo, makampani a mafilimu amateteza makanema a 4K ndi loko yochedwa HDCP 2.2. Cipangizo cimodzi cikakhala copanda loko imeneyi, kanema amatsikira pa 1080p kapena amakana kuonetsa.

Ma TV akale a nthambo zitatu

TV yakale yopanda HDMI imalandira cithunzi pa nthambo yacikasu, ndipo mau amadzera pa yofiira ndi yoyera. Timabokosi tina ta Android tili ndi polowetsa AV pa cifukwa cimeneci. Pa menyu pamakhala 576 ndi 480, kapena PAL ndi NTSC. TV yogulidwa mu Zambia imafuna 576 kapena PAL. Ikapatsidwa NTSC pamene siitha kuilandira, cithunzi cimataya mitundu kapena cimagubuduzika. Apple TV yamakono, Chromecast ndi Fire TV Stick zili ndi HDMI cabe, motero pamafunika kacipangizo kosinthira HDMI kukhala AV.

Cithunzi ndi mabandulo a intaneti

Kukula kwa cithunzi cimene kabokosi katumiza ku TV ndi nkhani ina, ndipo kukula kwa kanema amene akukokedwa pa intaneti ndi nkhani inanso. Cimene cimatha mabandulo ndi caciwirici. Kulingana ndi kampani ya Netflix, imene inayamba kupezeka mu Zambia mu January 2016, ola limodzi la kanema wamba lingathe 1 GB, la HD lingathe 3 GB, ndipo la 4K lingafike 7 GB. Kampaniyo imalangiza liwiro la intaneti la 5 Mbps pa 1080p ndi 15 Mbps pa 4K. Conco filimu imodzi ya maola awiri pa 4K ingathe 14 GB.

Wofuna kusunga mabandulo afunika kucepetsa mkati mwa pulogalamu yeniyeniyo. Pa YouTube pali Quality pa kanema aliyense, ndipo pa Netflix pali Playback settings mu akaunti. Cithunzi cikamasweka kukhala timabokosi-bokosi kapena kuima-ima, vuto ndi kucepa kwa intaneti, ndipo kusintha Hz kapena mitundu sikungathandize.

Sikirini ikangoti bii

Timabokosi tambiri timafunsa ngati cithunzi cikuoneka pambuyo posintha, ndipo munthu akapanda kuyankha, timabwerera pakale patapita masekondi ocepa. Conco coyamba ndi kudikira osadina batani lililonse. Zikakanika, pa Fire TV munthu amadina pamodzi batani lokwera m'mwamba ndi lobweza kanema m'mbuyo kwa masekondi 5, ndipo kabokosi kamayamba kuyesa miyezo yosiyanasiyana. Pa Apple TV amadina batani la Menu kapena Back pamodzi ndi lotsitsa mau kwa masekondi 5, ndipo muyezo umasintha pa masekondi 20 alionse mpaka atasankha umene ukuoneka. Njira ina ndi kulumikiza kabokosi ku TV ina, kukabweza pa Auto kapena 720p, kenaka n'kukabwezera pamalo pake.

Posintha zinthu zimenezi, ndi bwino kusintha cimodzi pa nthawi imodzi ndi kulemba pa pepala mmene cinalili poyamba. Dongosolo lothandiza ndi kuyamba ndi nthambo ndi polowetsa pake, kenaka kukula kwa cithunzi, kenaka liwiro, n'kutsirizira pa HDR ndi mitundu. Ngati kabokosi kaonetsa bwino pa TV ina koma TV ya pakhomo ikanabe zipangizo zonse zimene zalumikizidwa, pamenepo m'poyenera kuipereka kwa wokonza mawailesi.