Tanthauzo la mawu akuti "vitamini D"

Mawu akuti vitamini anawayambitsa ndi Casimir Funk, wasayansi wa ku Poland, mu 1912. Iye anatenga vita, liwu la Chilatini lotanthauza moyo, n'kulilumikiza ndi amine, dzina la gulu lina la mankhwala. Chilembo cha D chinabwera mu 1922, Elmer McCollum atapeza kuti m'mafuta a chiwindi cha nsomba muli chinthu chochiza matenda ofewetsa mafupa, aja amabweretsa matewe mwa ana. Poti mavitamini A, B ndi C analipo kale, ameneyu anakhala wachinayi.

Vitaminiyu khungu lathu limamupanga lokha likaombedwa ndi dzuwa, kenako chiwindi ndi impso zimamukonza kuti ayambe ntchito. Ntchito yake yaikulu ili m'matumbo, momwe amathandiza kashiamu wa m'chakudya kulowa m'magazi. Vitamini D wochokera m'zakudya amayenda ndi mafuta, choncho matumbo aang'ono akatupa, monga zimachitikira pa matenda a Crohn, wambiri amangodutsa osalowa m'thupi. N'chifukwa chake odwala matendawa mafupa awo amatha kufooka, ndipo madokotala amawayeza magazi kuti aone ngati vitaminiyu akukwanira.